Labefaction, liu la dzino logwedela

Mu Cizungu muli liu lina lakale limene olo Azungu eni ake ambili sanalimvepo. Liu lake ni labefaction, ndipo pochula limamveka monga labifakishoni. Mukalifufuza pa foni, madikishonale adzakuuzani kuti litanthauza kufooketsa kapena kugwedeza cinthu, makamaka makhalidwe a anthu na dongosolo la dziko, ndipo kothela adzaikapo liu lodziwika lija lakuti downfall, kutanthauza kugwa. Anzathu amene amakonda kusonkhanitsa mau akuluakulu amathamangila tanthauzo lothelali cifukwa ndiye losavuta kuloweza. Amalemba m'kabuku kao kuti labefaction ni kugwa, n'kupita pa liu lina.

Ine niona kuti akacita conco amataya mbali yabwino kwambili ya liuli. Mau a kugwa Cizungu cili nao ambili, ndipo mwana wa giledi 7 amawadziwa, monga fall na collapse. Liu lathuli nchito yake ni ina. Limakamba za nthawi ija cinthu cikali ciimilile, anthu akali kulowa na kutuluka, koma pansi payamba kale kusuntha. Ni liu la dzino logwedela, lija mukali kudyela nyama koma lilime lanu lidziwa kuti masiku ake ni owelengeka. Nthawi imeneyi ifunika kukhala na dzina, cifukwa ndiye nthawi yokha imene munthu angacitepo kanthu. Dzino likaguluka kumatsala cabe mpata m'kamwa.

Liuli linacokela ku Cilatini, cinenelo ca Aroma akale, ndipo lili na zidutswa ziwili. Coyamba ni labare, kutanthauza kugwedela, kudzandila, kutsala pang'ono kugwa. Caciwili ni facere, kutanthauza kucita kapena kupanga. Aroma anaphatikiza ziwilizi n'kupeza labefacere, kucititsa cinthu kugwedela. Kwa iwo linali liu wamba la zinthu zogwilika na manja. M'sewelo lina la Terence, mlembi wobadwila ku Carthage kumpoto kwa Africa, limene linaonetsedwa ku Rome m'caka ca 160 B.C., munthu wina atamenyedwa adandaula kuti mano ake onse amugwedeza, ndipo liu limene aseweenzetsa ni lomweli. Julius Caesar nayenso, polemba za nkhondo ya mu 49 B.C. pamene asilikali ake anazinga mzinda wa Massilia, umene lelo ni Marseille, analikamba pa cipupa ca mzinda cimene anacigunda mpaka cinafooka. Mano anali akali m'kamwa, cipupa cinali cikali pamalo pake, koma mphamvu inali itacoka.

Kacidutswa kothela kaja mumakadziwa kale olo simunakaganizilepo. Kali mu satisfaction, kucititsa munthu kukhutila, komanso mu putrefaction, kucititsa cinthu kuwola. Nayenso labare ali na m'bale wake m'Cilatini, labi, kutanthauza kutelela, ndipo kumeneko ndiye kunacokela lapse na collapse. Conco mauwa ni a mtundu umodzi, koma aliyense ali na udindo wake. Collapse amafika nyumba ili pansi, labefaction amafika poyamba, ming'alu ikali yaing'ono.

Cokondweletsa n'cakuti Cinyanja cimagwila nchito imeneyi mosavuta kupambana Cizungu. Ise tili na kugwa na kugwetsa, tilinso na kugwedela na kugwedeza. Tisintha cabe kothela kwa liu, nkhani yonse yasintha. Mzati ukagwedela, mwina wagwedela wokha cifukwa ca kukalamba. Koma mukakamba kuti mzati wagwedezedwa, womvela amafunsa pamenepo kuti wagwedezedwa na ndani. Labefaction ali kumbali ya kugwedeza, cifukwa facere uja ali m'kati mwake. Ndiye kuti liuli lanyamula mfundo ziwili pamodzi: cinthuco cikali cisanagwe, ndipo pali wina kapena cina cimene cikucifooketsa. Mukalimasulila kuti kugwa cabe, zonse ziwili mwazitaya.

Linalowa bwanji m'Cizungu? Liuli liyamba kuoneka m'mabuku a ku England m'zaka za m'ma 1600, nthawi imene Cizungu cinali kudziona cocepa pamaso pa Cilatini. Ophunzila anali kulemba nkhani zao zikuluzikulu m'Cilatini, cakuti olo Isaac Newton analemba buku lake lochuka la sayansi m'cinenelo cimeneco mu 1687. Amene anali kufuna kulemba m'Cizungu anali kubweleka mau a Cilatini mazanamazana, n'kuwaveka cabe cisote ca Cizungu kothela. Ena anali kunyansidwa nazo. Mu 1553 Thomas Wilson anaseka anthu okonda mau otelewa, ndipo dzina limene linali kupatsidwa kwa mauwa linali inkhorn terms, kutanthauza mau a m'kabotolo ka inki, amene samveka pa msika koma pa pepala cabe. Mauwa anaculuka mpaka mu 1604 Robert Cawdrey anatulutsa dikishonale yoyamba yomasulila Cizungu m'Cizungu, ya mau ovuta pafupifupi 2,500, kuti anthu wamba azimva zimene ophunzila anali kulemba.

Ena mwa mau obwelekawo anakhazikika, monga celebrate na capacity, ndipo lelo palibe amene amawaona acilendo. Labefaction sanakhale na mwai umenewo. Anatsala m'madikishonale, akutuluka kamodzikamodzi pakafunika munthu wolemba molemekezeka. Nkhani imeneyi payokha ifunika kutitonthoza ise amene timasekedwa kuti Cinyanja cathu ca m'tauni n'cosakaniza. Cizungu cimene timacilemekeza lelo cinakula mwa kubweleka, ndipo akuluakulu a nthawi ija anali kudandaula cimodzimodzi na mmene agogo athu amadandaulila akamva mdzukulu akukamba pa foni.

Munthu amene anacititsa kuti liuli lisaiwalike ni Samuel Johnson, uja anatulutsa dikishonale yaikulu ya Cizungu mu 1755. Mnzake James Boswell, amene analemba mbili ya moyo wake n'kuitulutsa mu 1791, anasimba za maceza ena a mu April 1775 pamene anthu anayamba kukambilana za sewelo lochedwa The Beggar's Opera. Seweloli analemba ni John Gay, ndipo linayamba kuonetsedwa ku London mu 1728. Linali la akawalala, mahule na oyang'anila jele, ndipo nyimbo zake zinali pa maimbidwe a m'misewu amene aliyense anali kuwadziwa. Ngwazi yake, Macheath, ni kawalala wobela anthu pa mseu, wooneka bwino, wokondedwa na akazi, ndipo kothela samupacika koma amukhululukila. Anthu analikonda cakuti linaonetsedwa maulendo 62 m'nyengo yake yoyamba, cinthu cacilendo nthawi imeneyo. Koma kwa zaka zambili abusa na oweluza milandu ena anali kukamba kuti seweloli likuphunzitsa anyamata kuba.

Malinga na Boswell, Johnson anayamba mwa kukamba kuti sakhulupilila kuti pali munthu amene anakhala kawalala cifukwa cakuti anaonelela seweloli. Anavomela cabe kuti lingacititse anthu kuzolowela kawalala na kumukonda pang'ono. Ndiyeno mdala uja anadzikonza ngati munthu wofuna kuponya nkhonya yothela, n'kukamba kuti m'seweloli muli kugwedeza kwa mfundo zonse za makhalidwe abwino. Liu limene anaseweenzetsa linali lalitali kupambana lathuli, labefactation, locokela ku labefactare, kumene ise tingati kugwedezagwedeza. Boswell akamba kuti onse amene analipo anakhala cete movutikila, akubisa kuseka. Liu linalemela kupambana mlandu, ndipo olo anzake apamtima anaona.

Nkhani iyi niikonda cifukwa ionetsa ubwino na ngozi ya liuli panthawi imodzi. Ubwino wake ni wakuti Johnson anagwila mfundo yoona. Zinthu zimene timaona na kumva tsiku na tsiku sizimatisintha usiku umodzi. Palibe amene amamva nyimbo yotama wakuba lelo, mailo n'kukathyola sitolo. Cimene cimacitika n'cakuti cinthu cimene kale cinali kutidabwitsa cimaleka kutidabwitsa. Coyamba timaseka, pambuyo pake timazolowela, kothela tikaona munthu wolemela na ndalama zosadziwika kocokela timangoti ni wocenjela. Pamenepo palibe cagwa, lamulo likali m'buku, koma mzati wayamba kusewela m'dzenje lake. Kuti mufotokoze zimenezi mufunika liu la kugwedeza, cifukwa liu la kugwa lingakhale bodza.

Ngozi yake ni iyi. Popeza liuli likamba za cinthu cosaoneka bwino, ni losavuta kuliseweenzetsa poimba munthu mlandu popanda umboni. Onani mmene Johnson anacitila. Anavomela yekha kuti palibe kawalala olo mmodzi amene angaloze, koma anapezabe njila yopatsila sewelo mlandu. Ngati wina akamba kuti nyumba yagwa, tingapite tikaone. Ngati akamba kuti yagwedezeka m'maziko, angakambe conco zaka 50 popanda womutsutsa. Imwe acinyamata mlandu uwu mumaudziwa bwino. Mumaumva pa kavalidwe, pa nyimbo, pa mavinidwe a pa TikTok, pa tsitsi. Mau amene amaseweenzetsa ni akuti mwambo watha, dziko laonongeka, ana a masiku ano. Ni labefaction yemweyo, wavala cabe citenge.

Ndipo pali cina cimene Johnson sanakambe madzulo aja. Sewelo la Gay silinali kungotama akawalala. Linali kulasa anthu a pamwamba, makamaka Robert Walpole, amene anatsogolela boma la Britain kucokela mu 1721 mpaka 1742, ndipo adani ake anali kumuneneza kuti amagula aphungu na maudindo na ndalama. Uthenga wa sewelo unali wakuti wakuba wa pa mseu na wakuba wa mu ofesi amacita cimodzimodzi, kusiyana kwao n'kwakuti wosauka ndiye amapacikidwa. Boma linamva kuwawa, cakuti Gay atalemba gawo laciwili lochedwa Polly, linaletsa kuti lionetsedwe, ndipo mu 1737 kunabwela lamulo lakuti sewelo lililonse latsopano liziyamba lavomelezedwa na boma. Manje funsani funso la facere lija: ndani anali kugwedeza makhalidwe a ku London? Woimba nyimbo za ciphuphu, kapena wolandila ciphuphu? Kambili amene amaloza mng'alu ndiye amapatsidwa mlandu wong'amba cipupa.

N'cifukwa cake ine nikamba kuti amene afuna kuseweenzetsa liuli, m'Cizungu olo m'Cinyanja, afunika kuyankha mafunso awili akalibe kutsegula pakamwa. Loyamba: ni mzati uti weniweni umene ukugwedela, ndipo mng'alu wake uli pati kuti ise tonse tiuone? Laciwili: akuugwedeza ndani, ndipo akuugwedeza na ciani? Ngati sangayankhe, ndiye kuti akungodandaula kuti dziko lasintha iye asanavomele. Ngati angayankhe, liuli limakhala cida cakuthwa, ndipo acinyamata angaliseweenzetse kuloza kumene kugwedeza kukucokeladi.

Citsanzo cimene Azungu amakonda ni ufumu wa Aroma. Mabuku a sukulu amapatsa caka ca 476, pamene Odoacer anacotsa pa mpando mfumu yothela ya kumadzulo, mnyamata Romulus Augustulus. Kumeneko ndiye kugwa. Koma kugwedezeka kunatenga zaka mazana awili. Pakati pa 235 na 284 panalamulila mafumu opitilila 20, ambili ophedwa na asilikali ao omwe. Ndalama ya siliva, imene m'nthawi ya Augustus inali pafupifupi siliva yekhayekha, pofika ca m'ma 270 inali na siliva wosakwana magawo 5 pa 100 alionse. Mu 378 mfumu Valens inafela pa nkhondo ku Adrianople, mu 410 Alaric analowa mu Rome n'kufunkha, ndipo mu 439 Carthage, kumene kunali kucokela tiligu na misonkho yambili, inalandidwa na a Vandal. Pofika 476 panalibe zambili zotsala kuti zigwe. Edward Gibbon, amene anali kudziwana na Johnson, anayamba kutulutsa mbili yake ya Aroma mu 1776, ndipo pa mutu wa buku anaikapo mau awili, la kufooka na la kugwa, cifukwa anadziwa kuti ni zinthu ziwili zosiyana.

Mukafuna kuliyesa pa nkhani imene tonse tinaikhalamo, tengani nkhongole ya dziko lathu. Pa 13 November 2020 Zambia inalephela kulipila ciwongoladzanja ca madola 42.5 miliyoni pa nkhongole ya Eurobond, n'kukhala dziko loyamba mu Africa kulephela motelo m'nthawi ya Covid. Tsiku limenelo dziko lonse linamva. Koma mzati unayamba liti kusewela? Mu 2012 tinakongola madola 750 miliyoni pa ciwongoladzanja ca 5.375 pelesenti. Mu 2014 tinakongola 1 biliyoni pa 8.5 pelesenti. Mu 2015 tinakongola 1.25 biliyoni pa 8.97 pelesenti. Okongoza akakwezela munthu mtengo ulendo uliwonse, ndiye kuti ayamba kumukaikila. Mu 2017 IMF inacenjeza poyela kuti tili pa ngozi yaikulu yolephela kubweza. Kwacha, imene pa ndalama za lelo inali pafupifupi 5 pa dola imodzi mu 2012, inapitilila 20 pofika kothela kwa 2020. Zaka zimenezi ndiye labefaction, ndipo November uja ni downfall. Wolemba amene asiyanitsa ziwilizi amathandiza owelenga kufunsa funso loyenela, lakuti tinali kuti pamene zizindikilo zonsezi zinali pa nyuzipepala.

Akulu anati cakudza siciimba ng'oma. N'zoona, koma kambili cimagwedeza citseko cikalibe kulowa, ndipo amene amva angacitepo kanthu. Citsanzo cake ni damu la Kariba, limene linamalizidwa mu 1959 ndipo n'lotalika mamita 128. Kwa zaka zambili, madzi otuluka pa zipata zake zisanu na cimodzi anali kugwela pa thanthwe la kumunsi, n'kukumba dzenje lakuya pafupifupi mamita 80. Akatswili anaona kuti dzenjelo likapitiliza kudyeka cobwelela kumbuyo lidzafika pa maziko a cipupa. Apa liuli likwana m'tanthauzo lake loyambilila la Julius Caesar: cipupa cili ciimilile, koma cina cikucidya pansi. Mu 2017 Zambezi River Authority inayambitsa nchito yokonza dzenjelo, kufukula miyala kumbali ya kumunsi kuti mphamvu ya madzi izipita kutali na maziko. Apa ndiye pali phindu la kukhala na dzina la kugwedezeka: cinthu cogwedela cimakonzeka.

Musaganize kuti liuli n'la maufumu na madamu cabe. Ganizilani cilimba ca anthu 10 pa msika kapena pa nchito. Cilimba sicifa tsiku limene wosunga ndalama wazimitsa foni. Cimayamba kufa mwezi uja mmodzi anacedwa kusonkha masiku atatu ndipo onse anakhala cete cifukwa ni mnzao. Mwezi wotsatila awili anacedwa. Pambuyo pake wina anapempha kudumpha mzele cifukwa ca malilo, kenako wina anadumpha popanda malilo. Buku linaleka kulembedwa cifukwa tonse tidziwana. Pofika tsiku la foni yozima, cilimba cinali citafa kale, kunatsala cabe kulengeza. Cimodzimodzi kantemba kamene mwini wake amatapamo ndalama ya oda kugulila bando na kanyenya, akudziuza kuti adzabweza mailo. Mashelefu amaoneka odzala kwa miyezi ingapo, cifukwa ciswe cimadya m'kati n'kusiya khungwa.

Nanga mungalilembe bwanji m'Cizungu kuti musacite manyazi? Liuli ni dzina la cinthu, ndipo kambili limatsatiwa na of, kenako cinthu cimene cikufooketsedwa. Siliculukitsidwa, conco musaike s kothela. Limakwana pa zinthu zimene zili na maziko, monga lamulo, cidalilo, banja, bungwe, ndalama ya dziko. Mungalembe kuti "the labefaction of public trust", kutanthauza kufooketsedwa kwa cidalilo ca anthu, kapena kuti "years of small bribes caused the labefaction of the whole office", kutanthauza kuti tuziphuphu twa zaka zambili tunagwedeza ofesi yonse. Silikwana pa ngozi ya mwadzidzidzi. Munthu akatelela pa matope ku Soweto Market, amenewo ni matope cabe. Timu ikaluza gemu imodzi pa penoti, yaluza basi. Koma timu ikakhala miyezi osalipila osewela, makoci akusinthidwa nyengo iliyonse, anyamata aluso akuthawila kwina, apo mungaliseweenzetse olo ikali kuwina.

Cinanso, yang'anani amene mukukamba naye. Mu nkhani ya ku koleji, mu dibeti, kapena m'kalata ya ku nyuzipepala, liuli lingagwile nchito, makamaka mukalifotokoza m'mzele wotsatila. Pa kalata yofunsila nchito lidzangokucititsani kuoneka odzionetsa. Pa WhatsApp ya banja, amalume adzafunsa ngati mwadwala. Kumbukilani kuti olo Johnson, mwini dikishonale, anzake anatsala pang'ono kumuseka pamaso. Tili na cizolowezi kuno kwathu coombela m'manja munthu wokamba Cizungu cimene palibe wamva. Timati waphwanya, n'kuiwala kufunsa kuti wakamba ciani. Liu lalikulu limene labisa mfundo m'malo moiunika lagwila nchito ya ciswe pa maganizo a omvela.

Wina angafunse kuti, ngati ni telo, tivutikilanji na liu limene silibwela pa mayeso a giledi 12, silikupatsa nchito, ndipo olo ku London sangalimve? Funso ili n'lomveka, ndipo ine sinikamba kuti aliyense aliloweze. Mungakhale moyo wanu wonse osalichula n'kukhala bwinobwino. Cimene nilimbikila ni mfundo imene lanyamula. Cinthu cikakhala na dzina timaciona msanga. Amene adziwa cabe mau a kugwa amakhala na mayankho awili, zili bwino kapena zaonongeka, ndipo pakati pa awiliwa ndiye pamene zinthu zambili za moyo wathu zimakhala. Cibwenzi cimene mukali kujambulitsa pamodzi koma mwaleka kukambitsana zoona cili pakatipo. Thupi la mnyamata amene akali kupita ku nchito koma sangagone asanamwe lili pakatipo.

Winanso angati Cinyanja cili kale na mau okwana, nanga tipitilanji ku Cilatini? Apa nivomela na mtima wonse, ndipo ndiye phunzilo lalikulu limene liuli latipatsa. Cizungu cinafunika kubweleka ku Rome kuti cikambe cinthu cimene ise timacikamba na kugwedeza, kufumbwa, kudyeka, kuweyeseka. Cimanga cikafumbwa, thumba limaoneka lodzala, koma mukapisamo dzanja mumatulutsa fumbi. Amai anu amadziwa kusiyanitsa thumba lotelo na thumba lobedwa, ndipo amadziwa kuti loyambalo lili na mankhwala ngati mwaliona msanga. Vuto n'lakuti tikayamba kukamba za boma, za cuma kapena za malamulo, timathawila ku Cizungu ngati kuti Cinyanja n'ca ku khichini cabe. Yesani tsiku lina kulemba pa Facebook kuti bungwe lakutilakuti lafumbwa, muone ngati padzapezeka wofunsa tanthauzo.

Conco ulendo wina mukamva munthu wamkulu akukamba kuti acinyamata agwetsa dziko, musakwiye ndipo musaseke. Mufunseni mwaulemu kuti ni mzati uti, ndipo mng'alu uli pati. Mwina adzakuonetsani cinthu ceniceni cimene mufunika kukonza, ndipo mudzamuyamikila. Mwina adzasowa yankho, ndipo pamenepo mungamuonetse mizati ina imene imwe mukuiona ikugwedela: mayeso obedwa, malo ogulitsidwa kawili, nchito zopatsidwa kwa wacibale. Funso lomwelo mulitengele ku zinthu zanu, ku cilimba canu, ku bizinesi yanu, ku nyumba kwanu. Buku la cilimba limene linaleka kulembedwa mwezi watha lingatsegulidwenso pa msonkhano wa Ciwelu cino.